Kota ya fodya ku America ikadzadza, tilembe msonkho uti?

Wa ku Kanengo: Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Kasitomala akufuna landed cost (mtengo wonse katundu akafika) ya makontena a fodya wa bale opita ku America pofika mawa m'mawa. Wogula kumeneko akuti kota (mlingo wa fodya wololedwa kulowa pa msonkho wotsika) ikadzadza msonkho ndi 350%. Ndilembe uti, umenewu kapena wotsikawo? Mutu waima, bwana akungoimba foni.

Madala a ku Limbe: Kota inatha pa 1 January 2005, mwana wanga. Pano ndi msonkho basi.

Mayi a ku Mwanza boda: Ayi madala, imeneyo inali ya nsalu ndi zovala. Ya fodya ilipo kuyambira 1995, ndi TRQ (tariff-rate quota), kota imene msonkho umakwera mukapyola malire. Malawi anapatsidwa matani 12,000 pachaka, ndipo chaka chake chimayamba pa 13 September. Ikadzadza sakubwezerani katundu, amalowa ndithu, koma pa 350%. Achimwene a ku Kanengo, lembani mitengo iwiri, ndipo kontrakiti inene poyera amene adzalipire zikafika pamenepo.

Madala a ku Limbe: Ndiye mwanena nokha, ndi msonkho. WTO, bungwe la zamalonda padziko lonse, inalamula kuti makota a zaulimi asanduke misonkho.

Mayi a ku Mwanza boda: Inalamuladi, koma msonkho wa 350% ndani angaulipire? Malire akadalipo.

Wa ku Beira: Chenjerani ndi madeti. Sawerenga tsiku la bill of lading (chikalata chokwezera katundu m'sitima), amawerenga tsiku limene entry (mapepala olowetsera katundu) yaperekedwa ku kasitomu ya ku America. Ife kontena inagona padoko masabata, sitima inatisiya, demurrage (chindapusa chochedwetsa kontena) inadya phindu lonse. Musalonjeze munthu tsiku lofika. Mukapeza yadzadza, fodya akhale mu bonded warehouse (mosungira katundu wosalipiridwa msonkho) mpaka chaka chatsopano chitseguke, koma lendi yake muiwerengeretu.

Wa ku Chirimba: Inetu ndimaopa WRO (lamulo la ku America logwira katundu padoko) kuposa kota. November 2019 CBP, kasitomu ya ku America, inayamba kugwira fodya yense wa ku Malawi pa nkhani yogwiritsa ana ntchito m'minda. Makampani ena anawamasula pambuyo pake, osati onse nthawi imodzi. Funsani kaye ngati kasitomala wanuyo ali pabwino, apo ayi masamu onsewa ndi achabe.

Madala a ku Limbe: Ine 2005 ndinaiona ndi maso. Makota atachoka, zovala za ku China zinasefukira ku America, mafakitale ku Lesotho n'kutseka. Kota kulibe, ndikubwerezanso.

Wa ku Beira: Madala, za zovala tamva. Kodi alipo watulutsa katundu kudzera ku Nacala mwezi uno? Sitima zikuyenda bwanji?