Kusamuka kuchoka ku Fatima kupita ku Ngabu: tilongedze bwanji katundu kuti akafike wosawonongeka?

Mayi wa ku Fatima

Ndikupempha malangizo kwa inu amene munasamukapo ndi banja lonse muno m'chigwa cha Shire. Amuna anga ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo alandira kalata yowalola kuchoka kuno ku Fatima, kwa Mlolo, kupita kusukulu ina ya kufupi ndi Ngabu, kumene anapempha okha kuti akakhale pafupi ndi makolo awo amene akalamba. Tinalowa m'nyumba muno zaka 11 zapitazo ndi katundu wokwana pa njinga ziwiri, koma lero tili ndi ana anayi, mabedi atatu, kabati ya magalasi, makina osokera, firiji yaing'ono, sola ndi batire lake, matumba 14 a chimanga ndi mapira, mbuzi zisanu ndi nkhuku. Palinso mitsuko iwiri imene anandiumbira malemu amayi anga, imene sindingalole kuti isweke.

Zimene zikundisowetsa tulo ndi izi. Tsopano tili kumapeto kwa Okutobala, ndipo amuna anga akufuna tidikire tchuthi cha Disembala kuti ana amalize teremu, koma ine ndikuopa mvula. Anthu ena akutiuza kuti tiwoloke pa bwato kupita ku Bangula poti ndi njira yachidule, pamene ena akuti tizungulire pa Thabwa ndi lole. Kulongedza kwenikweniko sindikukudziwanso, chifukwa sindinasamukepo ndi katundu wochuluka chotere. M'chaka cha 2023 madzi a namondwe wa Freddy anatiwonongera mabuku ndi matiresi, choncho zimene zinatsala ndi zimene tagula pambuyo pake sindikufuna kuzitaya pamsewu.

Bambo woyendetsa lole, Nchalo

Mayi, ndasamutsa mabanja ambiri mbali zonse ziwiri za Shire, ndipo pa nkhani ya nthawi ndikugwirizana ndi inuyo. Msewu wochoka ku Fatima kukafika ku Thabwa mbali yake yaikulu ndi wafumbi, ndipo umadutsa mitsinje yotsika kumapiri a Thyolo monga Livunzu ndi Nkhate. Mvula ikagwa kumtundako madzi amafika mwadzidzidzi ngakhale kwanuko kusanagwe dontho, ndipo lole yodzaza katundu ikhoza kugona m'mbali mwa mtsinje masiku awiri. Samukani sabata yoyamba kapena yachiwiri ya Novembala. Ngati bambo akuumirira zoti ana amalize teremu, katundu atsogole, iwo atsale ndi ana aakulu ndi mphasa, mapoto awiri ndi zovala zochepa, adzabwere pa minibasi sukulu ikatsekera.

Za bwato musaziganizire pa katundu wotere. Kuwoloka pa bwato pa Mtayamoyo, kufupi ndi Bangula, kumathandiza munthu wa chikwama ndi njinga, koma kabati, firiji ndi matumba 14 mudzazipakira ndi kuzitsitsa kanayi kapena kasanu musanafike ku Ngabu, ndipo zinthu zambiri zimasweka m'manja mwa onyamula kuposa mmene zimasweka pamsewu. Mukazungulira pa Thabwa, n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kuchokera pamenepo ndi msewu wa M1 kudutsa kuno ku Nchalo mpaka ku Ngabu. Njirayi ndi yaitali ndipo imadya mafuta, komabe katundu amakwera kamodzi n'kutsika kamodzi.

Lole ya matani atatu ikukwanirani. Mwini wake abwere aone katundu ndi maso ake musanagwirizane mtengo, ndipo mumvane poyera ngati mtengowo ukuphatikiza mafuta, anyamata opakira ndi lona. Musapereke ndalama zonse poyamba. Perekani ya mafuta, yotsalayo mudzamalize katundu akatsika. Muyang'anenso matayala ndi lonalo, chifukwa lona long'ambika limalowetsa fumbi ndi madzi omwe.

Popakira, matumba a chimanga akhale pansi, kutsogolo kwenikweni kufupi ndi kumene kumakhala dalaivala, chifukwa kumbuyo kwa lole n'kumene kumadumpha kwambiri m'maenje. Mabedi muwaphwasule, mabawuti a bedi lililonse muwaike m'kajumbo n'kumangirira pa mwendo wa bedi lomwelo. Firiji muizimitse dzulo lake kuti madzi atuluke, iyende choimirira, yomangidwa ndi chingwe kukhoma la lole, ndipo mukafika musaiyatse mpaka m'mawa mwake kuti mafuta a mu injini yake akhazikike. Batire la sola nalonso liyende choimirira m'katoni yakeyake, kutali ndi zovala, pakuti asidi wake akatayikira amadya nsalu. Sola yeniyeniyo muiike pakati pa matiresi awiri. Nyamukani m'bandakucha, cha m'ma 4 koloko, popeza mwezi uno dzuwa limapitirira madigiri 40, ndipo masana matayala amatentha, ana amafooka, zinthu zapulasitiki zimapindika pansi pa lona.

Mayi mphunzitsi wopuma ntchito, Bangula

Mwana wanga, ine ndinasamutsidwa kasanu pa zaka zimene ndinagwira ntchito, ndipo ndikuuzani zimene ndinaphunzira nditalira kale. Yambani ndi mapepala, musayambe ndi mipando. Masatifiketi a bambo, kalata yowasamutsa, ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala a ana onse, makadi a kubanki, makalata a ukwati ndi a munda ngati alipo, zonsezi muziike m'majumbo awiri, lina m'kati mwa linzake, kenako m'kandowa kapulasitiki kokhala ndi chivindikiro cholimba. Kandowa kameneka kasakwere kumbuyo kwa lole. Kakhale pamiyendo panu kuyambira ku Fatima mpaka mutalowa m'nyumba yatsopano. Ife kuno tinaona m'Januwale wa 2015 anthu akupulumuka ndi moyo koma opanda pepala lililonse, ndipo kupezanso satifiketi yotayika kumatenga nthawi yaitali ndi maulendo ambiri. Muuzenso mwana amene ali ndi foni yabwino ajambule pepala lililonse. Makalata a transifa a ana muwatenge kwa ahedi sabata imodzi ulendo usanafike, osati m'mawa wa tsiku lonyamuka.

Mbale zosweka, makapu ndi matambula musazifunire nyuzipepala, zimene kwanuko n'zosowa. Zovala za ana ndi zitenje zakale zimagwira ntchito bwino koposa, ndipo mumakhala mwanyamula zinthu ziwiri pamalo amodzi. Kulungani mbale iliyonse payokha, muziimike cham'mbali m'ndowa kapena m'beseni m'malo mozisanjikiza chogona, ndipo mipata yonse muitseke ndi masokosi ndi tinsalu mpaka mukagwedeza ndowayo musamve kulira kulikonse. Makatoni a m'magolosale ndi abwino pa mabuku ndi nsapato, koma akhale aang'ono, chifukwa katoni yaikulu yodzaza mabuku imabooka pansi anyamata akainyamula. Lembani pa katoni iliyonse zimene zili m'katimo, ndipo muwerenge mitolo yonse m'kope pokweza ndi potsitsa.

Kabati ya magalasi ndi imene inandipweteka mtima pa ulendo wanga wachiwiri. Ndinaisiya ndi magalasi ake poganiza kuti bulangete likwanira, ndipo inafika yopanda galasi ndi limodzi lomwe. Itanani kalipentala achotse magalasiwo, muwakulunge m'bulangete, muwamange pakati pa zidutswa ziwiri za katoni, ndipo ayende choimirira, osagona. Mutu wa makina osokera muuchotse pa tebulo lake, muukulunge pawokha.

Tsopano za mitsuko ya amayi anu. Ndikumvetsa chifukwa chake mwaitchula padera, poti nanenso ndili ndi mphika wa agogo anga umene ndayenda nawo kulikonse. Siyani kuthiramo madzi masiku atatu ulendo usanafike kuti iume bwino, chifukwa dothi lonyowa limalemera ndipo limasweka msanga. Pezani madengu awiri okulirapo kuposa mitsukoyo, muyale pansi mankhusu a mpunga kapena udzu wouma wofewa, mukhazike mtsuko pakati, muthirenso mankhusu m'mbali monse ndi m'kati momwe mpaka kukamwa. Pamwamba mumange chitenje. Dengu lililonse likhale pa matumba a chimanga, pakona pomwe silingagubuduke, ndipo pasaikidwe kanthu kena pamwamba pake. Ngati kutsogolo kuli malo, umodzi muufungate nokha.

Chinthu china chimene anthu amachita nacho manyazi kuchitchula ndi tizilombo. Mabedi, mphasa ndi matiresi muzitulutse padzuwa masiku awiri, muthire madzi otentha m'malumikizidwe a matabwa, kuti nsikidzi ndi mphemvu zisasamuke nanu. Ana asanyamule matumba kapena nkhuni zimene zakhala pansi nthawi yaitali akuluakulu asanazigwedeze ndi ndodo, chifukwa nyengo yotentha ino zinkhanira ndi njoka zimabisala m'malo otero. Ndipo musachoke osatsanzika kwa anyakwawa, kumpingo ndi kwa anansi amene munathawira nawo madzi limodzi. Ngongole za kugolosale ndi za kubanki ya m'mudzi muzimalize anthu akuona.

Bambo mlimi wa thonje, Ngabu

Takulandirani kuno kwathu, mayi. Ine ndilankhulapo za chakudya ndi ziweto. Padzapezeka anthu okuuzani kuti mugulitse chimanga kuti lole ipepuke, mudzagule china kuno. Musavomere. Kuno mvula imavuta zaka zambiri, n'chifukwa chake timadalira mapira ndi mchewere, ndipo chimanga chimakwera mtengo kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Matumba 14 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 700 okha, amene lole ya matani atatu siingawamve. Chofunika n'chakuti muwatsegule, muone ngati mulibe anankafumbwe, muanike, ndipo matumba obooka muwasinthe n'kuwasoka bwino pakamwa. Ngati muli ndi matumba a PICS, aja osalowa mpweya, samalani kuti misomali ya lole isaboole mapulasitiki a m'kati, chifukwa akabooka ntchito yake yatha. Mukafika musawagoneke pansi; muwaike pa mitengo kapena pa njerwa, kutali pang'ono ndi khoma, poopa chiswe ndi chinyontho.

Mankhwala opopera mbewu, palafini, mafuta a makina ndi mankhwala a makoswe zisayende m'katoni imodzi ndi ufa, mchere kapena shuga. Ndikunena izi chifukwa m'nyumba zambiri za m'chigwa muno mumakhala mabotolo otsala a mankhwala a thonje, ndipo botolo likatentha padzuwa chitsekero chimamasuka. Muwamange m'chitini chawochawo, chikhale kumapeto kwenikweni kwa lole.

Pa mbuzi ndikusiyana pang'ono ndi maganizo oti zonse zikwere ulendo umodzi. Choyamba pitani kwa alangizi a ziweto a kwanuko mukatenge kalata yololeza kusamutsa ziweto, chifukwa pa Thabwa pali apolisi amene amafunsa, ndiponso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka m'chigwa muno boma limaletsa kuyendetsa ziweto. Funsani msanga ngati njira ili yotsegula. Chachiwiri, mbuzi zisaloledwe kukwera pamwamba pa katundu zitamangidwa miyendo padzuwa, popeza zimafa ndi kutentha ndipo mkodzo wake umawononga matiresi ndi ufa. Ngati dalaivala angathe kuzitchingira malo kumbuyo ndi matabwa, n'kuyalapo udzu, zili bwino. Ngati sangathe, zisiyeni kwa mbale wanu zidzabwere padera. Nkhuku ndikanakonda mukanagulitsa zambiri n'kutsala ndi misoti itatu ndi tambala mmodzi, chifukwa ino ndi nyengo ya chitopa. Zotsalazo zilandire katemera wodonthezera m'maso zisananyamuke, ndipo zikafika muzitsekere pazokha kwa masabata awiri zisanasakanikirane ndi za apongozi anu.

Pomaliza, bambo abwere okha adzaone nyumbayo katundu asananyamuke. Aone denga ngati silidontha, aone maloko, afunse anansi kumene madzi anafika pa nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy, ndipo alawe madzi a pamjigo wapafupi, chifukwa mijigo ina kuno imatulutsa madzi amchere. Tsiku la ulendo mudzatenge zigubu ziwiri za madzi akumwa a kwanu.

Mayi wa ku Fatima

Zikomo kwambiri nonsenu, takhuta. Ndawawerengera amuna anga mayankho onse usiku wathawu, ndipo tagwirizana kuti katundu anyamuke Loweruka lachiwiri la Novembala kudzera pa Thabwa. Ine ndidzatsogola ndi ana awiri aang'ono, iwo adzatsala ndi aakulu awiri mpaka mayeso a teremu atatha. Mawa apita ku Ngabu kukaona nyumba, ndipo ine ndipita kwa alangizi a ziweto. Mankhusu a mpunga ndawapempha kale kuchigayo, ndipo mitsuko ndaikhuthula lero m'mawa.

Bambo a ku Nchalo, ndatsala ndi funso limodzi. Apongozi anga aakazi amene ndimakhala nawo kuno, azakhali a amuna anga, amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndipo satha kukhala nthawi yaitali pamalo otentha. Kodi kutsogolo kwa lole kungakwane iwo, ine ndi ana awiri, kapena ndiwapezere njira ina?

Bambo woyendetsa lole, Nchalo

Kutsogolo kwa lole yotere kumakwana anthu awiri okha kuwonjezera pa dalaivala, ndipo musalole kuti mwana aliyense akwere pamwamba pa katundu. Gogoyo ndi wamkuluko mwa ana aang'ono awiriwo atsogole Lachinayi pa galimoto ya anthu, akagone kwa achibale ku Ngabu, mankhwala awo ndi buku lawo la kuchipatala zili m'chikwama cha m'manja, osati m'katoni. Inuyo mudzakwere lole ndi wamng'onoyo, kandowa ka mapepala kali pamiyendo.