Mpungabwi wa fungo la camphor ndi wa fungo la mandimu: kodi ndi mtundu umodzi?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:

Moni nonse. Ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Ngabu, ndipo ndikupempha odziwa za zomera kuti andiunikire. Mpungabwi umene umamera m'mphepete mwa minda ya thonje ndi mapira, umene anthu amafukiza madzulo pothamangitsa udzudzu, sukhala ndi fungo limodzi. Wina ukautikita m'manja umatulutsa fungo la camphor lobaya m'mphuno, pamene wina, ngakhale utamera m'munda womwewo, umanunkhira ngati mandimu, chonsecho masamba, tsinde ndi timaluwa toyera zimaoneka zofanana. Kodi imeneyi ndi mitundu iwiri kapena ndi umodzi? Ndipo kodi chanzi, chimenenso chimanunkhira kwambiri, chili m'banja limodzi ndi mpungabwi? Ndikufuna kudziwa ngati n'zololeka kuuza ana kuti fungo lingagwiritsidwe ntchito poika zomera m'magulu.

Bambo a ku Nchalo:

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha funsoli. Ndiyankha za mafuta, popeza ndi kumene ndinagwirako ntchito, ndipo za mabanja ndisiyira ena.

Fungo la mpungabwi silichokera m'madzi a m'kati mwa tsamba ayi. Mukatenga galasi lokuza zinthu n'kuyang'ana kunsi kwa tsamba, muona timadontho tonyezimira tokhala m'timaenje. Timeneti ndi timatumba ta mafuta tokutidwa ndi kachikopa kopyapyala, ndipo n'chifukwa chake fungo limabuka mukalitikita tsambalo kapena mbuzi ikadutsapo. Mafutawo si chinthu chimodzi, koma ndi msakanizo wa mankhwala makumi angapo ochokera m'njira ziwiri. Njira yoyamba imapanga ma terpene, amene amamangidwa ndi tizidutswa ta maatomu asanu a kaboni: tiwiri tikalumikizana timapereka ma monoterpene a maatomu 10, monga camphor, linalool, thymol ndi citral, pamene titatu timapereka ma sesquiterpene a maatomu 15, omwe ndi olemerera ndipo sauluka msanga. Njira yachiwiri imayambira pa amino asidi wotchedwa phenylalanine n'kupanga eugenol, methyl chavicol ndi methyl cinnamate. Fungo la mandimu limene mukulimvalo kawirikawiri limachokera ku citral.

Tsono yankho ndi lakuti zomera za mtundu umodzi zimatha kupanga mafuta osiyana kotheratu, ndipo magulu otere amatchedwa ma chemotype. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi thyme wa kumwera kwa France, Thymus vulgaris, amene Granger ndi Passet anamufotokoza mu 1973 kuti ali ndi magulu asanu ndi limodzi, lililonse lotsogozedwa ndi mankhwala ake: thymol, carvacrol, linalool, geraniol, alpha-terpineol ndi thujanol. Rosemary nayenso ali chimodzimodzi, pakuti wa ku Morocco ndi Tunisia amachulukitsa cineole, wa ku Spain camphor, ndipo wa ku Corsica amadziwika ndi verbenone. Ocimum americanum, amene ndi mpungabwi wofala m'minda mwathu, ali ndi magulu a camphor, a citral, a linalool ndi a methyl cinnamate. Mchimwene wake wamkulu, Ocimum gratissimum, chitsamba chimene chimatha kupitirira msinkhu wa munthu, ali ndi gulu la eugenol ndi gulu la thymol.

Mphuno yokha singakuuzeni zonse zili m'mafutamo. Choyamba masamba amaphikidwa ndi nthunzi, nthunziyo n'kuziziritsidwa m'paipi, mofanana ndi mmene amatchezera kachasu, kenako mafuta amayandama pamwamba pa madzi. Amakhala ochepa zedi, nthawi zambiri osafika magawo awiri pa 100 alionse a kulemera kwa masamba. Akatero amawalowetsa m'makina a GC-MS, amene amalekanitsa mankhwalawo limodzi ndi limodzi n'kuonetsa kuchuluka kwa lililonse.

Wophunzira za zomera, kwathu ku Nsanje:

Bambo a ku Nchalo afotokoza bwino, koma ndikupempha aphunzitsi kuti asafulumire kunena kuti mpungabwi wawo uwiriwo ndi mtundu umodzi. Pali Ocimum × africanum, wobadwa mwa kukwatirana kwa Ocimum basilicum ndi Ocimum americanum, amene amanunkhira mandimu ndipo amafanana kwambiri ndi americanum moti ngakhale akatswiri akhala akuwasokoneza. Choyenera n'kuthyola nthambi yokhala ndi maluwa komanso zikho za njere zokhwima, kuiumitsa pakati pa nyuzipepala, kulemba malo ndi tsiku, n'kuitumiza ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba.

Kunena za chanzi, ngati mukutanthauza chitsamba cha masamba okhakhala ndi timaluwa toyerera tounjikana m'timitu tobulungira, chimenecho ndi Lippia javanica, wa m'banja la Verbenaceae pamodzi ndi Lantana camara, osati la Lamiaceae, lomwe ndi banja la mpungabwi. Chimasokoneza chifukwa masamba ake amakhalanso awiriawiri moyang'anizana ndipo fungo lake ndi lamphamvu. Njira imene ana angayese okha ndi iyi: duwa la mpungabwi likathothoka, asuzumire m'chikho chotsalacho, ndipo aona tinjere tinayi titakhala pansi pake, pamene chipatso cha Lippia chimagawika pawiri. Pa Ocimum palinso chizindikiro china, chakuti mlomo wa pamwamba wa chikhocho ndi wotambalala ndi wozungulira, ndipo m'mbali mwake mumatsetserekera m'munsi.

Komabe, pa funso lomaliza la aphunzitsi, sindinganene kuti mankhwala alibe gawo poika zomera m'magulu, chifukwa pa magulu akuluakulu amathandiza ndithu. Mu 1945 Gunnar Erdtman wa ku Sweden anaona kuti mungu wa zomera za m'banja la Lamiaceae uli pawiri, wina wa timizere titatu ndi wina wa timizere tisanu ndi kamodzi, ndipo anagawa banjali potengera zimenezo. Pambuyo pake zinadziwika kuti za timizere tisanu ndi kamodzi, zotchedwa Nepetoideae, ndi zimene zili ndi mafuta onunkhira ochuluka pamodzi ndi mankhwala otchedwa rosmarinic acid, ndipo m'menemo muli Ocimum, Mentha, Thymus, Salvia, Lavandula ndi Tetradenia riparia, chitsamba cha masamba onata chimene chimachita maluwa m'nyengo yozizira, aamuna pa chitsamba china ndi aakazi pa china. Za mungu wa timizere titatu, monga Leonotis wa maluwa ofiirira oikidwa m'mipiringidzo pa tsinde, zimakhala ndi mafuta ochepa ndipo zambiri zimapanga mankhwala ena otchedwa ma iridoid. Kafukufuku wa DNA anadzatsimikiza kuti Nepetoideae ndi mbumba imodzi yeniyeni.

DNA yomweyo yasuntha malire ambiri. Mitengo imene kale inali mu Verbenaceae, monga Vitex, Clerodendrum, teak ndi Gmelina arborea, amene ndi malaina wathu yemweyu, tsopano ili mu Lamiaceae, banja la mitundu pafupifupi 7,000. Mu 2017 rosemary analowetsedwa m'gulu la Salvia n'kukhala Salvia rosmarinus, ndipo mu 2019 mitundu yambiri ya Plectranthus, kuphatikizapo buye, inabwezeredwa ku Coleus. Mabuku akale a m'laibulale ya sukulu yanu angakhale akadali ndi mayina oyambawo.

Mayi a ku Bangula:

Ine ndine mlimi chabe, koma ndili ndi chikayiko pa mfundo imodzi. Mpungabwi wa kumtunda kouma, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumapyola madigiri 40, umabaya m'mphuno kuposa wa m'madimba a m'mbali mwa Elephant Marsh, umene masamba ake ndi akuluakulu ndi ofewa koma fungo lake n'lozizira. Kodi kusiyana kumene aphunzitsi akukuonaku sikungakhale kwa dothi ndi dzuwa basi, osati kwa chibadwa cha chomeracho?

Bambo a ku Nchalo:

Mayi, zimene mwaonazo n'zoona, ndipo zikusiyanitsa zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzilekanitsa. Dzuwa, madzi, msinkhu wa chomera ndi nthawi yothyolera zimasintha kuchuluka kwa mafuta ndiponso kukweza kapena kutsitsa pang'ono mankhwala ena, n'chifukwa chake otcheza mafuta amakonda kudula chomera chikayamba maluwa. Koma mankhwala otsogolera amachokera ku chibadwa, moti chomera cha camphor sichisanduka cha citral chifukwa chothiriridwa. Malo amagwira ntchito mwa njira ina, yosankha gulu limene lipirire pamenepo: pa thyme wa ku France uja, magulu a thymol ndi carvacrol amachuluka m'malo otentha ndi ouma, pamene enawo amachuluka kumene kumazizira kwambiri m'nyengo yachisanu.

Aphunzitsi angathe kuyesa zimenezi pa sukulu popanda makina alionse. Adule timitengo ku chomera cha fungo la camphor ndi ku cha fungo la mandimu, atibzale pa bedi limodzi, atithirire mofanana, kenako ana anunkhize masamba atsopano osauzidwa kuti achokera ku chomera chiti. Agwiritse ntchito timitengo osati njere, chifukwa njuchi zimasakaniza mungu ndipo mbewu yomera kuchokera ku njere imatha kusiyana ndi mayi wake. Fungo likakhala losiyanabe pa bedi limodzilo, ndiye kuti kusiyanako n'kwa chibadwa, ndipo chotsala chidzakhala kumva kuchokera ku Zomba ngati ndi ma chemotype awiri a americanum kapena wina ndi africanum. Ngati mungatcheze mafutawo m'kalasi, ana asawalawe kapena kudzola osasungunula, chifukwa camphor ndi poizoni kwa mwana akamumeza, ndipo eugenol ndi thymol amawotcha khungu.