CRB yaphatikiza bambo ndi mwana, loan yaima, munathana nazo bwanji?

Mwatipa_credit
Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndili ndi kasitomala, mnyamata wa salary, payslip yabwinobwino, anatengapo kale kwathu n'kubweza osaphonya ngakhale mwezi umodzi. Wabwera kufuna top-up (ngongole yoonjezera), ndakoka lipoti ku CRB (credit reference bureau, bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu), ndangoona write-off (ngongole yosabwezedwa imene obwereketsa anaitaya mtima) ya kampani ina yobwereketsa, ma arrears (zobweza zophonyedwa) ali mbwee. Ndamuitana, akuti kumeneko sanapondeko n'komwe. Titayang'anitsitsa, ngongoleyo ndi ya bambo ake. Dzina loyamba limodzi, surname imodzi, bokosi la positi limodzi, ngakhale nambala ya foni ndi yomweyo chifukwa line anachita kusiyiridwa ndi madalawo. Pa akaunti ya write-off pa tsiku lobadwa analemba 01/01/1900, pa ID palibe kanthu. Akauntiyo inatsegulidwa mnyamatayu ali ku pulayimale! System yathu ikangoona write-off imakana yokha, ine override (mphamvu yosintha chigamulocho) ndilibe. Ndalembera bureau, akuti iwo sasintha data, tipite kwa amene anaitumiza. Kampani inayo foni ingoitana, imelo ili zii. Month-end yafika, manager akundifunsa m'mawa uliwonse, kasitomala naye akuti ndikumuchedwetsa dala. Ndipange bwanji?

Bambo Chirwa
Achimwene, musadzivute. Mnyamatayo apite kwa commissioner for oaths, akalumbire kuti iye ndi wina, bambo ake ndi ena. Abweretse affidavit ndi fotokope ya ID, muike mu file, komiti isaine, perekani ndalama. Timatero kale ma bureau asanabwere n'komwe.

Nasibeko
Bambo Chirwa, affidavit ikhala mu file yanu, koma lipotilo likhalabe lakuda. Mawa akapita kwina kukafuna ngongole kapena ntchito ya ku banki, akakumana nazo zomwezo.

Koma Mwatipa, chandidetsa nkhawa ndi china. Mwati "titayang'anitsitsa". Munamuonetsa screen? Ngati akauntiyo ndi ya bambo ake, ndiye kuti mwaulula ngongole ya munthu wina kwa munthu amene sikumukhudza, kaya ndi mwana wake kaya ndi ndani. Madalawo akakwiya n'kukadandaula, dzina lotchulidwa ndi lanu, osati la bureau. Njira yotetezeka ndi yoti kasitomala apemphe yekha lipoti lake ku bureau, alandire m'manja mwake, kenako alembe dispute (dandaulo lotsutsa zolembedwazo) m'dzina lake. Inu mungomuthandiza kudzaza fomu. Ndipo musaimbire madalawo foni kuti "titsimikizire", musatero ayi.

Dala_MIS
Ine ndi amene ndimatumiza file ya mwezi ndi mwezi kwathu, ndiye ndikuuzeni mmene zimasokonekera. Bureau sadziwa munthu, amadziwa mizere imene timawatumizira. Mzere ukafika uli ndi nambala ya ID, amaumata pa munthu wa ID imeneyo, nkhani yatha. Ukafika wopanda ID, makina amayamba kuyerekeza: dzina, tsiku lobadwa, foni, adiresi, nthawi zina malo a ntchito. Zingapo zikafanana amati ndi munthu mmodzi. Tsopano 01/01/1900 ija si tsiku, ndi zimene system yakale imadziikira clerk akasiya bokosi lopanda kanthu. Makina akaiona amaitaya, ndiye chatsala n'chiyani? Dzina, foni, bokosi la positi. Zitatu zonse zikuloza mnyamata wanuyo, popeza iye ndi amene ali ndi profile yamoyo.

Chimene anthu ambiri saganizira ndi ichi. Ngakhale bureau akumvereni chisoni n'kuchotsa akauntiyo lero, kampani inayo ikatumiza file yake mwezi wamawa ili ndi mzere womwewo, makina adzaumatanso pomwepo. Kuli ngati kukolopa pansi mpopi uli chitsegulire. Kukonza kwenikweni kuli ku core system ya amene anabwereketsawo: aikemo ID ya madala, tsiku lobadwa lenileni, kenako atumize correction. Bureau nawo apatule ma profile awiriwo, aliyense akhale ndi nambala yake. Zonse ziwiri zichitike. Chimodzi chokha, mudzabweranso pano.

Ndipo mukakoka lipoti latsopano musangoona kuti write-off yachoka. Onani m'munsi pa ma inquiry (mndandanda wa amene anakokapo lipotilo), ma adiresi akale, ma employer. Zotsalira za madala zikakhalapobe pamenepo, ndi zimene zidzakokenso akauntiyo.

Bambo Chirwa
Zonsezo ndi zabwino koma zitenga miyezi ingati? Munthu akufuna ndalama pano. Affidavit ndi tsiku limodzi.

Yohane_recoveries
Ine ndili mbali yotolera ngongole, ndiye pepani ndimakayikira aliyense. Musanakhulupirire kuti ndi mix-up, funsani ngati mnyamatayo sanasainepo ngati guarantor (wolonjeza kubweza wobwerekayo akalephera) pa restructuring ina pambuyo pake. Akaunti ikhoza kutsegulidwa iye ali mwana, koma n'kudzaikonzanso iye atakula, n'kumusainitsa. Ambiri amaiwala kuti anasainira bambo awo pepala, kapena amaiwala dala.

Tinali ndi nkhani ina, mphwake ndi amalume ake dzina limodzi. Mphwakeyo analira mu ofesi kuti amuipitsira mbiri, tinamumvera chisoni tonse. Titakoka file yoyambirira ku archive, chithunzi chomata pa application chinali chake iyeyo, atavala tayi, ID ndiye inali ya amalume. Amalumewo anali kumudzi osadziwa kanthu. Sindikunena kuti wanuyo ndi wotero, zaka zake zikumuikira kumbuyo. Koma pepala loyambirira lionedwe: siginecha, chithunzi, chidindo cha chala ngati chilipo.

Chinanso, ndinaonapo kukonza kopitirira muyeso. Anapatula ma profile n'kufufutiratu akauntiyo, mwana kuyera, bambo kuyeranso. Bamboyo anakatenga ngongole kwina ndi lipoti loyera ngati sanaphonyepo. Pa dispute lembani kuti akaunti isamutsidwire kwa mwini wake, osati ifufutidwe.

Mwatipa_credit
Guarantor ayi, pa lipoti yalembedwa kuti iye ndi principal borrower. Screen sindinamupatse, ndinangomuuza dzina la kampani ndi chaka, iye yekha ndi amene anati "amenewo ndi adadi". Vuto ndi loti madalawo safuna kumva za kampani imeneyo, akuti akapereka ID yawo awapeza n'kuwalanda katundu. Ndiye correction ichokera kuti?

Nasibeko
Apo ndiye pamene pali fupa. Simungakakamize madala kupereka ID, ndipo inu musatumize fotokope ya ID yawo kulikonse ngakhale mwana atakubweretserani. Koma mwanayo sakufunika kutsimikiza kuti ngongoleyo ndi ya ndani. Akungofunika kuonetsa kuti si yake. ID yake, satifiketi ya kubadwa ngati ali nayo, ndi tsiku limene akaunti inatsegulidwa, basi. Munthu wosakwana zaka 18 sakanasaina contract imeneyo. Kampani inayo ndi imene iyenera kutulutsa application yoyambirira, ikalephera ilibe poimira. Dispute ipite polemba, atenge reference number, kopi ipite ku complaints desk ya kampaniyo ndipo amudindire kuti alandira. Akapanda kuyankha mu nthawi imene malamulo amapereka, apite kwa regulator (bungwe loyang'anira obwereketsa ndi ma bureau) ndi mapepala onsewo. Za pafoni sizisiya umboni.

Tiya_risk
Vutoli si lathu tokha. Ku America, komwe ma bureau ndi akuluakulu, Equifax, Experian ndi TransUnion, ma mixed file (mbiri za anthu awiri zosakanizidwa) amawazunzabe, makamaka ma Junior ndi ma Senior, mwana ndi bambo a dzina limodzi. Format yawo yotumizira data, Metro 2, ili ndi bokosi lakelake la generation code loti ulembe kuti uyu ndi Jr kapena Sr, koma obwereketsa akalisiya lopanda kanthu zimathera pomwe tili apapa. Lamulo lawo la Fair Credit Reporting Act limapatsa bureau masiku 30 oti afufuze dispute. Mu 2013 jury ya ku Oregon inagamula kuti Equifax ilipire mayi wina madola 18.6 miliyoni chifukwa file yake inasakanizidwa ndi ya mayi wina wa dzina lomwelo, ndipo anadandaula kambirimbiri osathandizidwa. Woweruza anadzatsitsa ndalama zonsezo kufika pa 1.8 miliyoni mu 2014, komabe. Mu November 2021 CFPB, bungwe la boma la America loteteza makasitomala pa zachuma, inalengeza kuti kumata mbiri pa munthu pongotengera dzina lokha n'kuphwanya lamulolo. Ndikutchula izi chifukwa ife timaona ngati ndi kankhani ka clerk, pomwe kwina anthu amataya ndalama zambiri nako.

Bambo Chirwa
Ku America ndi ku America. Ine ndikunena kuti komiti ili ndi mphamvu yoona umboni n'kuvomereza. Affidavit, ID, memo ya manager. Kodi cholakwika n'chiyani pamenepo?

Mai Kalua
Bambo Chirwa, cholakwika chimaoneka auditor akabwera. Amakoka file, amapeza lipoti la CRB lili ndi write-off, loan inaperekedwa, dispute reference palibe. Affidavit ndi mawu a kasitomala mwini, munthu aliyense akhoza kulumbira. Ngati policy yanu imalola exception, chabwino, koma ikhale ndi dispute yotsegulidwa kale ndipo asaine ndi a credit risk, osati branch yokha. Mnzathu wina anaimitsidwa ntchito pa nkhani yonga yomweyi, loan yake inkabwezedwa bwinobwino koma anati anadumpha ndondomeko.

Ine zimene zinanditopetsa ndi mapasa. Atsikana awiri, tsiku lobadwa limodzi, surname imodzi, mayina osiyana chilembo chimodzi chokha, nambala za ID zoyandikana chifukwa analembetsa tsiku limodzi. Wina wobweza bwino, wina wothawa. Tikakonza, mwezi wotsatira zabwereranso. Wabwinoyo anafika pomayenda ndi envelopu ya makalata m'chikwama kulikonse kumene akupita, mapepala mpaka kuthothoka m'mopinda. Anasiya kutenga ngongole kwathu, ndipo sindimuimba mlandu.

Dala_MIS
Za kubwereranso zija nthawi zambiri gwero ndi Excel. Munthu amatsegula file ya CSV kuti "angoona" asanatumize, Excel amadya ziro woyambirira pa nambala ya foni ndi ya akaunti, nambala yaitali amaisandutsa 1.23E+11, ikapitirira manambala 15 otsalawo amawasandutsa maziro. Tsiku la 03/04 limatembenuka kukhala 04/03 malinga ndi setting ya kompyuta. Akadina save, basi, mwatumiza zinyalala ku bureau ndi siginecha yanu. Tsegulani ndi text editor, kapena import ma column onse ngati text.

Yohane_recoveries
Ndipo ma officer asiye kulemba nambala ya foni ya mwana kapena ya mkazi pa bokosi la borrower chifukwa choti mwini wake alibe foni. Pali bokosi la next of kin, ligwiritseni ntchito. Ife tikaimba timatukwanidwa ndi anthu osalakwa.

Bambo Chirwa
Ndaona palibe amene wanena kuti mnyamatayo adya chiyani podikira ma correction anuwo. Ine file yotere ikafika pa desiki panga ndi affidavit, ndimasaina.

Mai Kalua
Sainani bambo, inu pension yayandikira.

Chiko_ops
Pepani ndilowererepo, popeza a Dala muli pomwepa. File yathu ya mwezi uno bureau abweza, mizere yambiri akuti "invalid ID type". Ndi makasitomala akale amene anatsegula ndi pasipoti kapena laisensi. Inu mumaika code yanji pa amenewa, kapena mumawaitana onse adzachite update?