Makonde a m'mwamba a George Inn anamangidwiranji?

Wa ku Kabwata: Akuluakulu, ndaona zithunzi za George Inn, nyumba yakale yogona alendo ndi yomweramo mowa imene ili mumsewu wa Borough High Street ku Southwark, mumzinda wa London. Chandidabwitsa n'chakuti makonde ake amatabwa ali m'mwamba ndipo anayang'ana kubwalo la m'kati m'malo moyang'ana kumsewu. Kodi anamanga choncho chifukwa chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Chelston: Bambo, yankho lagona pa akavalo. Mpaka chaka cha 1750, mlatho wa London Bridge ndiwo wokha umene unkawolotsa anthu pamtsinje wa Thames m'kati mwa mzindawo, kotero ngolo za apaulendo ochokera ku Dover ndi ku Canterbury zinkathera ulendo ku Southwark. Malo a m'mbali mwa msewu anali opanikizika, choncho eni nyumba ankasiya chipata chongokwana ngolo imodzi, n'kumanga motalikitsa chakumbuyo mozungulira bwalo. Pansi pankakhala makola a akavalo ndi zipinda zodyera ndi zomwera, pamene alendo ankagona m'mwamba. Khonde lija ndilo linali njira yolowera m'chipinda chilichonse, ndiponso mlendo ankatha kuimirira pamenepo n'kuona ngati katundu wake wakwezedwa pangolo.

Nyumba imene mwaonayo inamangidwanso mu 1677, moto utapsereza mbali yaikulu ya Southwark mu 1676.

Mayi wa ku Matero: Aphunzitsi, pamenepa ndiye mwandimasula. Nanga bwanji pazithunzi pakuoneka mbali imodzi yokha, pamene inu mukunena kuti inazungulira bwalo?

Mphunzitsi wopuma, Chelston: Mayi, sitima zapamtunda zitabwera, ngolo zinatha ntchito. Kampani ya njanji ya Great Northern Railway inasandutsa malowo mosungira katundu, ndipo mu 1889 inagwetsa mbali zina, n'kusiya ya kummwera yokha. Bungwe la National Trust, losamalira nyumba ndi malo akale, linalandira nyumbayo mu 1937, ndipo mwa nyumba za alendo zamakonde otere, yatsala ndi yomweyi mu London monse.

Mmisiri wa ku Garden: Ine zimenezi zikundikhudza ngati womanga. Kwathu kuno akavalo sakanapirira kashembe wa m'chigwa cha Luangwa, motero nyumba zogona alendo za mumsewu wa Great East, wopita ku Chipata, zinatsata galimoto: zapansi, zamakonde otakata otchinga dzuwa, ndi bwalo loimikapo malole kutsogolo. Ndikupempha amene ali ndi zithunzi za nyumba zimenezi aziike pano, makamaka zoonetsa denga ndi mizati ya khonde, chifukwa ndi mmene timadziwira mamangidwe ake.