NAS yotsika mtengo ya pakhomo: ndigule iti, kapena tingodzutsa kompyuta yakale?

MwiniZithunzi analemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za makompyuta. Pakhomo pathu mafayilo ali balala. Zithunzi za ana kuyambira ali makanda zili mu foni yanga, zina mu foni ya bambo awo, mavidiyo adzaza laputopu moti ikukana kulandira kanthu, ndipo zakale kwambiri zili pa hard disk yonyamula ya 2TB imene masiku ano ndikailumikiza ikumalira kuti tiki, tiki, isanatsegule. Kulira kumeneko n'kumene kwandilembetsa. Zonse pamodzi zikukwana ngati 1.8TB, ndipo zikuchulukirachulukira chifukwa ine kujambula mavidiyo sindilekerera.

Mnzanga wina anandiuza za NAS, kabokosi ka madisiki kolumikiza ku rauta, koti aliyense m'nyumba azisungamo zake. Nditayamba kufufuza mutu wangoima. Kuli Synology, QNAP, Asustor, TerraMaster, UGREEN, ina yolowa disiki imodzi, ina madisiki awiri, ina anayi. Ine zofuna zanga si zambiri. Zithunzi za m'mafoni zizipita zokha tikangofika pakhomo, laputopu ipeze kotulira katundu, komanso tiziwonera mavidiyo athu pa TV. Ndalama n'zochepa, ndisabise. Tilinso ndi kompyuta yakale ya padesiki imene yangokhala pakona, ndipo mwana wanga wamkulu akuti angathe kuisandutsa NAS osagula kalikonse. Ndimukhulupirire? Kapena ndingogula ya disiki imodzi yotchipayo?

Wamawaya anayankha:

Achemwali, musanagule chilichonse, disiki ikulirayo muikopere lero lomwe. Bwerekani ina kwa mnzanu ngati kuli kotheka, yambani ndi mafoda amene simungawapezenso kwina, ndipo mukamaliza musailumikizenso mwachisawawa. Kulira kotero nthawi zambiri kumatanthauza kuti kamutu kowerenga m'katimo kakuvutika. Imatha kugwira mwezi, imathanso kufa mawa.

Tsopano za NAS. Chimene ambiri sadziwa poyamba n'chakuti mabokosi amenewa nthawi zambiri amagulitsidwa opanda madisiki. Mtengo mukuwuona pa chithunziwo ndi wa bokosi lokha, madisiki mugula padera, ndipo madisiki awiri abwino amatha kufanana mtengo ndi bokosilo kapena kuliposa. Ndiye powerengera ndalama yambirani ku madisiki, bokosi libwere pambuyo.

Pa zimene mwatchulazi simukufunika makina amphamvu. Ine kwathu ndili ndi Synology DS223j, yolowa madisiki awiri, ya m'gulu lotsika. Ili ndi RAM ya 1GB yosawonjezeka ndi purosesa yaing'ono ya Realtek, koma kusunga mafayilo ndi kulandira zithunzi za m'mafoni imakwanitsa bwinobwino. Mumaika pulogalamu ya Synology Photos mu foni iliyonse, aliyense ndi akaunti yake, ndiye foni ikangogwira Wi-Fi ya pakhomo zithunzi zimanyamuka. Pamene imachedwa ndi masiku oyambirira, ikamapanga tizithunzi ting'onoting'ono towonera mwachangu ta zithunzi masauzande ambiri nthawi imodzi. Imeneyo mumangoisiya igwire usiku. Sindikunena kuti makampani enawo ndi oipa, ambiri amapereka makina amphamvu kuposa awa pa ndalama zofanana. Ndinasankha iyi chifukwa cha DSM, pulogalamu yoyendetsa bokosilo, imene munthu wosadziwa zambiri amatha kuimva pa tsiku loyamba.

Mukaika madisiki awiri a 4TB pa RAID 1, malo osungira amakhala 4TB basi, osati 8TB, chifukwa chilichonse chimalembedwa pawiri. Ndiponso kompyuta idzakuwonetsani pafupifupi 3.6TB, musadzaganize kuti akuberani, ndi kawerengedwe chabe: opanga madisiki amawerenga ndi 1000, makina ndi 1024. Disiki imodzi ikafa bokosi limalira, inu n'kuchotsa yakufayo, kuika yatsopano, n'kulilamula kuti likonze, ilo n'kukopera. Pa 1.8TB yanuyo, 4TB ikupatsani mpata wa zaka zingapo.

Pogula madisiki yang'anani zilembo zitatu: CMR, mtundu wa disiki umene mizere yake yolembapo siisanjikizana. Pali mtundu wina wotchedwa SMR umene mizere yake yolembapo imasanjikizana ngati malata padenga, moti kuti disiki isinthe mzere umodzi imayenera kulembanso oyandikana nawo. Posunga zinthu zosakhudzakhudza ilibe vuto, koma pa RAID, makamaka pomanganso disiki ina itafa, imakwawa koopsa. Mu 2020 kunali phokoso lalikulu zitadziwika kuti madisiki ena a WD Red a 2TB mpaka 6TB anali a SMR, ndipo kuchokera pamenepo a CMR anayamba kutchedwa WD Red Plus. Ndiye mawu akuti Plus amenewo musawaphonye. Seagate IronWolf nawonso ndi a CMR. Ngati bokosi lidzakhale pabalaza kapena pafupi ndi chipinda chogona, tengani ozungulira pang'onopang'ono, a 5400 rpm, sasokosera ngati a 7200.

Gogo_Linux anayankha:

Mwanayo sakunama ayi, mayi. Kompyuta yakale imasanduka NAS ndithu, ndipo mapulogalamu ake ndi aulere. OpenMediaVault, yomangidwa pa Debian, imayenda ngakhale pa makina ofooka. TrueNAS ndi yolimba kwambiri poteteza mafayilo chifukwa cha ZFS, njira yake yosungira mafayilo pa madisiki, koma imafuna RAM yosachepera 8GB. Zonsezi zimagawa mafoda kudzera pa SMB, njira yogawana mafayilo pa netiweki, ndiye Windows, Mac ndi mafoni zimawaona popanda vuto. Yanga ndi ya mtundu umenewu ndipo sindingaisinthe.

Koma mawu akuti "osagula kalikonse" ndi amene ndikukana. Madisiki mugulabe. Kenako magetsi. Kabokosi ka madisiki awiri kamadya mawati osapitirira 20 kakamagwira ntchito, ndipo madisiki akagona kamatsika kwambiri. Kompyuta yakale ya padesiki imatha kudya mawati 60 ili chikhalire. Chinthu choyaka usana ndi usiku chaka chonse, mawati 20 ndi mayunitsi 175, mawati 60 ndi mayunitsi 526. Chulukitsani ndi mtengo wa yuniti kwanuko muone nokha kuti zaulerezo zikutha bwanji pakapita zaka zitatu.

Funso lina mudzifunse ndi ili: mwanayo akadzachoka pakhomo, kaya kusukulu kaya kuntchito, adzaisamale ndani? Tsiku lina idzakana kuyaka itangolandira zosintha zatsopano, ndipo padzafunika munthu woti alumikize sikirini ndi kiyibodi n'kuwerenga zimene ikudandaula. Ngati iye amakonda zimenezi, musiyireni kompyutayo aphunzirirepo, adzakuthokozani. Koma zithunzi za banja zisakhale pa makina ophunzirira.

Ena akuuzani za Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kokwana m'dzanja. Pi 4 ili ndi Ethernet ya gigabit ndi USB 3.0, ndiye imatha, ndipo magetsi imadya ochepa zedi. Vuto ndi loti mukawonjezera chaja yake, kabokosi kake, memori khadi ndi zosungiramo madisiki zokhala ndi magetsi akeake, mupeza mwayandikira mtengo wa NAS yeniyeni, pamwamba pake mawaya ali yangayanga pashelefu.

Namzeze anayankha:

Ine ndisiyana pang'ono ndi a Wamawaya. Pa ndalama zochepa, disiki yachiwiri ya m'bokosi si chinthu choyamba kugula. RAID imakutetezani ku chinthu chimodzi chokha, kufa kwa disiki. Mwana akafufuta foda molakwitsa, imafufutika pa madisiki onse awiri nthawi yomweyo. Mphenzi ikalowa, wakuba akanyamula bokosi, madzi akathira, onse awiri amapita limodzi. Choncho ngati thumba likukwanitsa madisiki awiri okha, imodzi ilowe mu NAS, inayo ikhale yonyamula ya USB. Muziilumikiza kumbuyo kwa bokosi kamodzi pa sabata kapena pa mwezi, ikopere, muichotse, muisunge kwina, bola kunyumba ina. Akatswiri amati 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Bokosi mugulebe lolowa madisiki awiri, limayenda ndi imodzi, malo enawo adikire ndalama. Pa Synology mukasankha SHR, mtundu wawo wa RAID, poyambitsa, mudzangowonjezera yachiwiri osafufuta kanthu.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndi anthu akangogula: amafuna kuona zithunzi ali kutali, ndiye amatsegula bokosi ku intaneti yonse. Mu 2021 kunabuka Qlocker, mu 2022 DeadBolt, mapulogalamu a akuba amene ankasaka ma NAS owonekera pa intaneti, makamaka a QNAP, n'kutseka mafayilo onse kuti eni ake alipire ndi Bitcoin. DeadBolt inagwiranso a Asustor. Mu June 2021 eni ake a WD My Book Live ambiri anadzuka n'kupeza zonse zafufutidwa, ndipo mabokosi amenewo anali atasiya kulandira zosintha zaka zambiri m'mbuyomo. Ichi n'chifukwa chake NAS yogwiritsidwa kale ntchito, ngakhale itchipe bwanji, muyambe mwafufuza ngati kampani yake ikuitumizirabe zosintha. Ngati inasiya, isiyeni.

Mukagula, zimitsani UPnP pa rauta, imene imalola zipangizo kudzitsegulira zokha njira ya ku intaneti, musatsegule madoko (ports) olowera kuchokera kunja, tsekani akaunti yotchedwa admin mupange yanu ya dzina lina, pasiwedi ikhale yaitali. Mukafuna kufikira mafayilo muli paulendo, gwiritsani VPN, njira yotetezedwa yolowera ku netiweki ya pakhomo muli kutali, monga Tailscale kapena WireGuard. Apa mwana wanu uja athandize.

Ndipo ngati kwanuko magetsi amathimathima, UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kopereka magetsi kwa kanthawi akathima, ikhale m'bajeti. Tengani yokhala ndi kabowo ka USB, kuti iziuza NAS kuti magetsi apita, iyo n'kudzitseka mwaulemu batire isanathe. Kuthima pakati polemba n'kumene kumawononga mafayilo.

MwiniZithunzi analemba:

Zikomo kwambiri nonse, disiki yolira ija ikukopedwa panopa. Mwana wavomera kutenga kompyuta yakaleyo ngati yake yoseweretsa, ngakhale nkhope yagwa pang'ono. Ndikupendekera ku maganizo a a Namzeze, bokosi la madisiki awiri koma ndiyambe ndi imodzi ndi ina ya USB. Palibe amene wanenapo za TV. Kabokosi kotsika mtengoko kakwanitsa? Mnzanga uja akuti popanda pulogalamu yowonetsera mavidiyo yotchedwa Plex palibe chimene ndingawonere. Komanso rauta yathu ndi ija anatipatsa a kampani ya intaneti, kodi ili ndi kanthu?

Wamawaya anayankha:

A Namzeze anena zoona, pa thumba lochepa bakapu iyambe, RAID itsatire. Ndingowonjezera kuti bakapuyo muziiyesa. Kamodzikamodzi tsegulani disiki ya USB ija pa laputopu, sankhani vidiyo iliyonse muone ngati ikuseweradi.

Za TV, mnzanuyo wakokomeza. Ma TV ambiri olumikizika ku netiweki amaona NAS kudzera pa DLNA, njira yogawana mavidiyo pa netiweki ya pakhomo, ndipo ngati yanu ili ya Android TV mukhoza kuikamo VLC kapena Kodi n'kutsegula foda mwachindunji. Pamenepo NAS ntchito yake ndi kungopereka fayilo, yosewera ndi TV, ndiye ngakhale kabokosi kofooka kamakwanitsa. Mphamvu zimafunika pokhapokha TV ikalephera kuwerenga mtundu wa vidiyoyo, Plex kapena Jellyfin n'kumaisandutsa ikuseweredwa. Pa NAS, ntchito imeneyo kawirikawiri imafuna purosesa ya Intel yokhala ndi Quick Sync, gawo losandutsa mavidiyo mwachangu, monga Celeron J4125 ya mu DS224+, ndipo mtengo umakwera. Musanalipire zimenezo yesani kaye: ikani mavidiyo angapo a mu foni yanu pa flash, mubaye ku TV. Mafoni ambiri atsopano amajambula mu mtundu wa vidiyo wotchedwa HEVC, ndipo TV zakale zina zimaikana. Akasewera pa flash, kawirikawiri aseweranso kuchokera pa NAS. Akakana, kachipangizo kakang'ono kobaya ku HDMI kamatchipa kuposa kukwera gulu la NAS.

Rauta ili ndi kanthu, kwambirinso. Itembenuzeni muwerenge pansi pake, kapena fufuzani nambala yake, muone ngati timabowo ta LAN talembedwa 10/100 kapena 10/100/1000. Ta gigabit timatulutsa pafupifupi 110MB pa sekondi, ndiye 1.8TB yanu ingasamuke m'maola osakwana asanu ngati ali mafayilo akuluakulu, tizithunzi tambirimbiri timachedwetsako. Ta 10/100 timathera pa 11MB, katundu yemweyo ndi pafupifupi masiku awiri. Ikakhala ya 10/100 musataye rautayo. Gulani switch, kabokosi kolumikiza zipangizo ndi mawaya a netiweki, yaing'ono ya gigabit ya timabowo tisanu, NAS, laputopu ndi TV zilowe mmenemo, waya umodzi upite ku rauta. Mawaya akhale a Cat5e kapena Cat6. Za 2.5GbE, timabowo tothamanga kuposa ta gigabit, zimene akutsatsa pa mabokosi atsopano musavutike nazo, phindu lake limaoneka pokhapokha laputopu ndi switch nazonso zili za liwiro lomwelo.

Kusamutsa koyambako chitani ndi waya, osati Wi-Fi, ndipo laputopu muiletse kugona isanamalize.