Kodi kalabu ya achinyamata ingapeze bwanji thandizo la ndalama kukhonsolo?

Mlembi wa kalabu ya achinyamata, Santhe:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mlembi wa kalabu ya achinyamata kuno ku Santhe, m'boma la Kasungu, ndipo tilipo 24, ambiri mwa ife ndife omaliza Fomu 4 amene tikusowa ntchito. Kwa zaka ziwiri takhala tikufesa mbande za mitengo m'mphepete mwa dambo, ndipo timathirira ndi makeni awiri okha, imodzi yobooka kunsi yomwe timaimata ndi phula. Alimi a fodya amazifuna mbandezi chifukwa mitengo ya zigafa ikusowa, koma dambo likauma mu Okutobala nazale yonse imafota. Chimene tikusowa ndi chitsime ndi machubu. Kodi pa ndalama zimene boma limatumiza kukhonsolo pali gawo limene gulu ngati lathu lingapemphe, nanga kalata yake tilembere bwanamkubwa, phungu kapena khansala?

Yemwe kale anali membala wa VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi), Mkanda:

Achimwene, ntchito yanuyo ndi yabwino, koma musayambire pa kalata. Chiyambireni 1998, pamene ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono zinakhazikitsidwa, chitukuko chimayenera kuyambira kumudzi. Nkhani imakambidwa mu VDC, imapita ku ADC, komiti ya chitukuko cha dera la mfumu yaikulu, kenako imalowa m'dongosolo la chitukuko cha boma lonse, ndipo ndalama za DDF (thumba la boma la chitukuko cha m'maboma) kapena za GESD (pulojekiti yothandiza makhonsolo ndi ndalama zochokera ku World Bank) zimatsatira zimene zalembedwa m'dongosololo. Ndinaziona ndi maso kuno ku Mchinji: achinyamata ankabwera ndi pempho lolembedwa bwino pakompyuta, koma tikatsegula buku la zokambirana za komiti, dzina la gulu lawo silinkapezekamo chifukwa sankabwera kumisonkhano. Zinkandiwawa, popeza maganizo awo nthawi zambiri ankaposa athu akuluakulufe. Tumizani nthumwi zanu kumsonkhano uliwonse wa VDC, ndipo muonetsetse kuti chitsimecho chalembedwa monga chosowa cha mudzi wonse, pakuti ndalamazi kawirikawiri zimamanga zinthu zothandiza anthu ambiri, sizipatsidwa m'manja mwa gulu.

Pali thumba linanso la CDF, la chitukuko cha dera la phungu, lomwe mu bajeti ya 2024/25 linafika K200 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Nalonso limadutsira kukhonsolo, choncho khansala wanu ayenera kuidziwa nazaleyo ndi kuiona yekha.

Msungichuma wa gulu la atsikana, Nkhamenya:

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Mkanda, koma ndiwonjezere za mapepala. Pitani ku ofesi yoona za achinyamata paboma kuti kalabu yanu idziwike, ndipo mufunse za kalembera ku National Youth Council of Malawi. Mukhale ndi malamulo a gulu olembedwa, mndandanda wa mamembala ndi zaka zawo, komanso akaunti yakubanki yosainira anthu osachepera awiri. Ife mwayi woyamba unatidutsa chifukwa ndalama tinkasunga pa foni ya munthu mmodzi, ndipo wofuna kutithandiza atafunsa buku la ndalama tinalibe choonetsa. Mabungwe akafika m'boma kudzafuna magulu oti agwire nawo ntchito, amayamba afunsa ku ofesi imeneyo.

Chonde musiyanitsenso thandizo ndi ngongole. Za NEEF, thumba la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi, ndi ngongole zobweza ndi chiwongoladzanja, ndipo mbande zimene zimagulidwa nyengo ya dzinja yokha sizingabweze ngongole mwezi ndi mwezi.

Mphunzitsi wopuma, Chamama:

Ana anga, samalaninso nthawi. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, kotero pempho lofika bajeti itavomerezedwa kale limadikira chaka china. Komanso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho muli ndi ufulu wopempha kuti muone mndandanda wa ntchito zimene zavomerezedwa m'dera lanu.

Mlembi wa kalabu ya achinyamata, Santhe:

Zikomo kwambiri nonse. Malamulo a gulu tili nawo, koma akaunti tilibe, ndipo ku VDC sitinapiteko ngati kalabu. Loweruka likudzali tikaonana ndi agulupu kuti atiuze tsiku la msonkhano wotsatira.