Mabuku a zithunzi onena za amayi amene anateteza mbalame: ndimupezere ati mwana wanga?

Amake Tadala

Moni nonse. Ndabwera ndi funso la mabuku, koma kumbuyo kwake kuli lina limene likundizunguza mutu kwambiri.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7 ndipo mtima wake wonse uli pa mbalame. Timakhala ku Manchester. Nyengo ikalola timapita ku Fletcher Moss Park, ku Didsbury, iye atanyamula kakope ndi pensulo, n'kumajambula chilichonse chamapiko. M'paki momwemo muli nyumba yotchedwa The Croft, momwe ankakhala mayi Emily Williamson. Mu 1889 mayiyu anasonkhanitsa amayi anzake n'kupangana kuti asiye kuvala zipewa za nthenga, chifukwa mbalame zinkaphedwa zosawerengeka kuti osoka zipewa apeze nthengazo. Kagulu kameneko kanadzalumikizana ndi ka Etta Lemon ndi Eliza Phillips ku Croydon, ndipo lero ndi RSPB, bungwe lalikulu loteteza mbalame kuno ku Britain. Nditamufotokozera Tadala, maso anachita kuwala. Kuyambira tsiku limenelo akufuna nkhani za amayi otere usiku uliwonse.

Ndiye ndikufuna mabuku a zithunzi, ofotokoza moyo wa amayi enieni amene anayamba ntchito yoyang'ana ndi kuteteza mbalame. Osati nthano. Anthu amene anakhalapodi.

Funso lachiwiri ndi ili. Pa holide tikupita kumudzi ku Ntcheu. Asuweni ake kumeneko ali ndi malegeni, amatchera ulimbo, ndipo mpheta zikagwidwa zimalowa mumphika. Ine ndinakula choncho ndipo sindikuona chochititsa manyazi. Koma ndikuopa kuti ndikamudzaza mwanayu nkhani za azungu opulumutsa mbalame, akafika kumudzi n'kumaona abale ake ngati anthu oipa. Amene munadutsamo, munatani?

NaBanda wa ku Boston

Achemwali, funso lanu landisangalatsa chifukwa nkhani yofanana ndi ya Didsbury inachitika mumzinda uno momwe ndikukhala. Mu 1896 mayi wina wolemera wa ku Boston, Harriet Hemenway, anawerenga momwe akakowa ankaphedwera ku Florida. Chimene chinamupweteka n'chakuti nthenga zokongola zimene anthu ankazifunazo zimamera nthawi yoswa yokha. Ndiye alenje ankawombera makolo ali pachisa, anapiye n'kutsala akufa ndi njala. Harriet anaitana msuweni wake Minna Hall, anatenga buku la maina a mabanja apamwamba a mumzindamo, n'kuyamba kuitana amayi kudzamwa tiyi. Pa tiyi pomwepo ankawapempha kuti asiye nthenga. Amayi pafupifupi 900 anavomera, ndipo chaka chomwecho bungwe la Massachusetts Audubon Society linabadwa.

Pa awiriwa pali mabuku awiri amene ndinawerengera ana anga. Lakale ndi *She's Wearing a Dead Bird on Her Head!* la Kathryn Lasky, la 1995. Zithunzi zake n'zoseketsa, ana amagwa nazo ndi phwete poona zipewazo, koma mawu ndi ambiriko, ndiye wa zaka 7 muziwerenga naye limodzi. Latsopano ndi *Harriet's Ruffled Feathers* la Joy McCullough, lofewerapo. Ine ndimakonda loyambalo chifukwa silimubisa Minna. Ntchito imeneyi sanaigwire munthu mmodzi, ndipo ndimafuna ana anga adziwe kuti msuweni wako akhoza kukhala mnzako pa chinthu chachikulu.

Mfundo imodzi imene ana amaikonda: mu 1886 katswiri wa mbalame Frank Chapman anayenda m'misewu ya New York akuwerenga zipewa za amayi. Pa zipewa 700 anapeza kuti zoposa 500 zinali ndi nthenga kapena mbalame yathunthu yakufa, ndipo anazindikira mitundu 40 ya mbalame. Mwana wanga wamwamuna atamva zimenezi anakhala duu kwa kanthawi, kenako anafunsa ngati mbalamezo zinali ndi maso. Zinali nawo, a galasi.

Yesani ku laibulale ya m'dera lanu musanagule. Ngakhale alibe, ambiri amakuitanitsirani.

Aphunzitsi a ku Zomba

Mayi, ine ndimaphunzitsa Sitandade 4 ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe pasukulu pathu. Ndiyankhe funso lanu lachiwiri kaye, chifukwa yankho lake lili m'nkhani ya Emily Williamson yomweyo. Lamulo limene amayi a bungwe lija analonjeza kusunga linkanena kuti sadzavala nthenga za mbalame iliyonse imene sinaphedwe kuti idyedwe. Nthiwatiwa yokha anaipatula, popeza nthenga zake ankazidula kwa mbalame zoweta zamoyo, makamaka ku Oudtshoorn ku South Africa. Mwaona? Amayi amenewo sankalimbana ndi munthu wofuna ndiwo. Ankalimbana ndi malonda opulula mtundu wonse wa mbalame kuti munthu wokhuta kale aoneke bwino Lamulungu. Tadala akamvetsa kusiyana kumeneku asanakwere ndege, sakanyoza asuweni ake.

Sindikunena kuti kwathu kuno zonse zili bwino ayi. Ku nyanja ya Chilwa mbalame za m'madzi zimagwidwa zochuluka, makamaka zaka zimene nyanja yaphwa ndipo nsomba zasowa. Njira imene yakhala ikuyesedwa kumeneko si kuthamangitsa alenje, koma kuwaika m'magulu kuti iwo eni azigwirizana nthawi yoleka kusaka ndi malo oti mbalame ziswere mwamtendere. Ana a m'kalasi mwanga ena makolo awo amadalira zimenezi. Ndingayambe bwanji phunziro powauza kuti bambo awo ndi oipa?

Tsopano buku. Limene ndimalisunga ngati dzira ndi *She Heard the Birds* la Andrea D'Aquino, lonena za Florence Merriam Bailey. Anandibweretsera mlongo wanga, ndipo ndi limodzi lokha pasukulu yonse, ndiye ndimaliwerenga ndikumasulira m'Chichewa, anawo atazungulira kuti aone zithunzi. Florence anabadwa mu 1863 ku New York. Masiku amenewo wophunzira za mbalame ankayamba waiwombera, n'kuisenda, n'kuiyeza ili yakufa. Iye anati ayi, khala pansi phee, uiyang'ane ili moyo, umve kulira kwake, ulembe zimene ikuchita. Mu 1889, ali ndi zaka 26, anatulutsa buku lakuti *Birds Through an Opera-Glass*, limene ambiri amaliwerengera ngati loyamba mwa mabuku othandiza munthu wamba kuzindikira mbalame kutchire. Ali pa Smith College anali atayambitsa kale gulu la atsikana okana zipewa za nthenga, ndipo njira yake sinali kuwakalipira. Ankawatenga kukayenda m'mamawa kuti akaone mbalamezo okha. Mu 1929 anakhala mayi woyamba kupatsidwa umembala wapamwamba m'bungwe la American Ornithologists' Union.

Chifukwa chimene ndimaliikira patsogolo bukuli n'chakuti mwana akatseka tsamba lomaliza amakhala ndi choti achite. Za tiyi wa ku Boston mwana wa ku Zomba amangomvetsera. Koma kukhala pansi pa mtengo n'kumvetsera pumbwa, chimenecho angathe lero lomwe, ngakhale alibe magalasi oonera patali. Ndipo ndikuuzeni chimene ndaona: anyamata a malegeni ndi amene amapambana pa ntchitoyi. Amadziwa mtengo umene njiwa imagona, amadziwa chisa cha timba, amasiyanitsa kulira kwa mbalame yoopa njoka ndi yoopa kabawi. Atsikana amene poyamba ankachita manyazi anayamba kuwafunsa, kenako kuwatsutsa, ndipo pano amene amasunga kope la kalabu ndi mtsikana.

Komanso musamusiye Tadala akuganiza kuti amayi otere ali kunja kokha. Tili ndi Dr Tiwonge Mzumara-Gawa, Mmalawi, amene anachita kafukufuku pa timbalame tobiriwira tofanana ndi zinkhwe, totchedwa Lilian's lovebird, ku Liwonde National Park. Timbalameti timagona m'mphako za mitengo ya tsanya, ndipo timafa tikamwa madzi pa zithaphwi zimene opha nyama mozemba athiramo poizoni. Mu 2014 mayiyu analandira mphotho yapadziko lonse ya achinyamata oteteza zachilengedwe. Kuchokera ku Ntcheu kupita ku Liwonde si kutali. Ndikanakhala ine ndikanapatula tsiku.

Bambo a Yamikani

Zikomo aphunzitsi, mwanena zambiri zimene ndimafuna kunena. Ine legeni ndinayenda nayo m'khosi ubwana wanga wonse ku Dedza, ndipo lero ndine amene ndimadzutsa ana anga m'bandakucha kukaona mbalame kudambo.

Koma pali chimodzi chimene ndikufuna ndiwachenjeze amake Tadala. Mabuku a zithunziwa amakonda kuwafewetsa amayiwa. Amawajambula akumwetulira pakati pa maluwa, ngati kuti zonse zinatheka ndi ulemu ndi makeke. Sizinali choncho. Ku Britain lamulo loletsa kuitanitsa nthenga kuchokera kunja linadutsa mu 1921, patapita zaka zoposa 30 chiyambire Emily Williamson. Ku America lamulo lalikulu loteteza mbalame zosamukasamuka linabwera mu 1918. Zaka zonsezo anali makalata, misonkhano, kunyozedwa m'manyuzipepala ndi kulimbana ndi amalonda a ndalama zawo. Etta Lemon ankati akaona mayi wavala nthenga m'tchalitchi, ankamulembera kalata. Sanali munthu wofewa.

Ndiye pambali pa mabuku, mumuuze ndi pakamwa nkhani ya Rosalie Edge. Ku Pennsylvania, ku America, kuli phiri limene akabawi ndi ziwombankhanga zimadutsa chaka ndi chaka posamukira kumwera. Amuna ankakwera phirilo ndi mfuti n'kumaziwombera ngati masewera, ndipo boma linkalipira madola 5 pa mtundu wina wa kabawi, poti ankati ndi mbalame zowononga. Rosalie ataona zithunzi za mbalame zakufa zitandandalikidwa pansi, sanadikire aliyense. Mu 1934, ali ndi zaka zoposa 50, anachita lendi phirilo, maekala 1,400, n'kuikapo Maurice Broun ndi mkazi wake Irma kuti azilondera. Irma ndi amene ankaima panjira kubweza amuna a mfuti. Malowo ndi Hawk Mountain Sanctuary, ndipo alipo mpaka lero. Chiwerengero cha mbalame chimene anayamba kulemba paphiripo chinadzathandiza wasayansi Rachel Carson kusonyeza mu 1962 kuti mankhwala ophera tizilombo a DDT akuchepetsa ziwombankhanga. Rosalie yemweyo anakasumira kukhoti bungwe la Audubon la dziko lonse la America, osati la Harriet lija, poona kuti atsogoleri ake agona pa ntchito.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa kwathu kabawi ndi mdani. Amatenga anapiye amayi akuona. Kadzidzi ndiye musanene, akalira padenga anthu sagona. Kukonda nkhwazi kapena kakowa n'kosavuta. Koma mwana amene waphunzira kuti panali mayi amene anaimirira mbalame zodedwa ndi aliyense, ameneyo akafika kumudzi amafunsa mafunso abwino, monga lakuti kadzidzi amadya makoswe angati pafupi ndi nkhokwe.

Ana anga aakazi ndimawauzanso za Margaret Morse Nice, mayi wa ana aakazi asanu ku Columbus, Ohio. Iye ankaveka timbalame ta kuseri kwa nyumba yake timphete tamitundumitundu kumiyendo kuti azidziwa iliyonse payokha, ndipo anazitsatira kwa zaka zambiri. Tsiku lina anakhala kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo akuwerenga nyimbo za kambalame kamodzi, n'kupeza zoposa 2,000. Analibe ofesi, analibe malipiro, koma zimene analemba mu 1937 akatswiri akuziwerengabe.

Amake Tadala

Zikomo kwambiri nonse, mwandipepuza mtima. Achemwali a ku Boston, mabuku awiri aja ndawaitanitsa ku laibulale m'mawa uno. La Florence ndigula awiri, lina likhale la Tadala, lina ndidzasiye ku Zomba ngati aphunzitsi mungandilole, kuti ana asamaphangirane limodzi.

Lamulo lija la nthenga za mbalame yosadyedwa ndamuwerengera Tadala madzulo ano, ndipo takambirana nthawi yaitali za kusiyana kwa njala ndi kudzikongoletsa. Anafunsa ngati asuweni ake amawombera mbalame ili pachisa. Ndamuuza kuti akawafunse yekha, mwaulemu, ndipo akawapemphe kuti amuphunzitse maina a mbalame m'Chichewa, chifukwa iye amadziwa a Chingerezi okha. Wagawa kale kope lake pawiri, mbali ina ya Manchester, ina ya Ntcheu.

Bambo a Yamikani, nkhani ya Irma ataima panjira ndiisunga kuti ndimuuze mawa, chifukwa ndikudziwa kuti akaimva usiku uno sagona.

Aphunzitsi, funso lina laling'ono: tidzakhala kumudzi mu Ogasiti. Ku Liwonde nthawi imeneyo timbalame tobiriwira tija timaoneka bwino m'mawa kapena madzulo, ndipo mwana wa zaka 7 angapirire ulendo wa pa boti mumtsinje wa Shire?